Simenti Yofiira Imene Inadyedwa ndi Gule

Tawonga, ima pomwepo! Usasunthe. Vula nsapato imodzi uitembenuze. Waona kunsiko? Mchenga wokhawokha. Ndiye amayi ako akamakukalipira kuti ukuwaphera matailosi, iwe n'kumatupa masaya, ati phazi langa ndi lofewa, lingathe bwanji mwala. Zoonadi, phazi palokha lilibe mano. Mano ake ndi mchengawo. Phazi limangoukanikiza ndi kuukhwekhwereza, iwo n'kumatafuna mwakachetechete. Umayamba kudya kunyezimira, kenako utoto, mpaka tsiku lina mudzaona kanjira kotuwa m'nyumba muno. Ndipo ndikudziwa kumene kadzalunjike: kukhitchini, poti inu kwina simupita.

Bwera nawenso Lusekelo, ika kafoni kakoko pansi, sikathawa. Ine agogo anu mchenga umenewu unatsala pang'ono kundilowetsa m'ndende. Musaseke, ndikunena zoona.

Mukudziwa kuti kwathu ndi ku Ntcheu, Chitipa muno ndinachita kubwera. Ndinali mmisiri womanga nyumba za boma. Tsiku limene anandiuza kuti andisamutsira kuno, anzanga sanandifunse kuti upita liti. Anandifunsa kuti, “Walakwanji?” Masiku amenewo munthu akatumizidwa ku Chitipa, abale ake ankamutsanzika ngati akupita kunkhondo. Inu lero mumakwera minibasi n'kumadandaula kuti mpando ukupweteka. Ine ndinabwera pamwamba pa lole, nditakhalira matumba a simenti, kuchokera ku Karonga msewu ukungokhotakhota m'mapiri. Pofika pa boma pano ndinali wofiira ndi fumbi kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo mphepo inandilandira ndi mchenga m'mano. Anthu a kuno dzina langa analibe nalo ntchito. Anangonditcha Fundi, mawu ochokera kutsidya kwa malire uko, otanthauza mmisiri. Mpaka lero akuluakulu akandiona pamsika amati, “Monire a Fundi.”

Agogo anu aakazi, Nalungwe, ndinawapeza pamsika pomwepo. Ankatsika wapansi kuchokera ku Misuku atasenza nthochi, ulendo woti inu mungagone panjira n'kuyamba kulira. Ndinayesa kuwapatsa moni m'chiyankhulo chawo, iwo anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Anati, “A Fundi, yankhulani Chichewa chanucho basi, chathuchi mukuchipweteka.” Chichewa chawonso chinali chotsimphina, chosakanizika ndi Chitumbuka ndi cha kwawo kumapiri, koma iwo analibe nacho manyazi. Lilime lawo silinkapempha chilolezo kwa munthu.

Tsono kuti mumvetse zimene zinachitika, muyenera kudziwa mmene amayi a nthawi imeneyo ankasamalira pansi pa nyumba. Kunalibe matailosi. Ankazira ndi dothi, likayamba kuuma n'kutenga nkhulungo, mwala wosalala wa kumtsinje, n'kumakulunga atagwada. Ukapitiriza kukulunga, pansi pamapitirizanso kuwala. Mapoto nawo ankawakwecha ndi mchenga mpaka munthu kudziona nkhope. Ndiye m'mutu mwa mayi aliyense waukhondo munali lamulo limodzi: chinthu chikazilala, chikweche. Lamulo labwino ndithu. Agogo anu pa zimenezi anali katswiri, nyumba yathu ya dothi inkawala kuposa ya simenti ya a kalaliki.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Inu mwazolowera kutukwana atsogoleri pa timafoni tanuto, kenako n'kugona tulo tabwino. Ife dzina la Mwinidziko sitinkalitchula chisawawa, ngakhale uli wekha m'munda unkayamba wacheuka. Mumsika sunkalowa wopanda khadi la chipani. Chaka china kunamveka kuti Mwinidziko abwera kudzayendera mbewu m'minda, ndipo afika mpaka kuno kumathero a dziko. Analamula kuti pamangidwe holo yoti akadzatopa adzapumiremo ndi kulandiriramo mphatso. Makoma anamanga ambiri, koma pansi anapereka kwa ine.

Ana inu, ntchito ija ndinaigwira ndi mtima wonse, osati chifukwa cha mantha okha. Anandipatsa ufa wofiira wochokera kulikulu, wosakaniza ndi simenti yapamwamba. Kufiirako sikulowa pansi ayi, kumangokhala pamwamba, kochepa ngati chikhadabo, kunsi kwake ndi simenti yotuwa wamba. Ndinasalaza ndi mpeni womangira nditagwada mpaka maondo kuchita matuza, ndikuthirira madzi kuti ilimbe bwino. Titapaka polishi, eee! Munthu ukaima pakhomo unkaona mazenera akuoneka pansi. A Simbeye, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, bambo wamimba ndi mawu aakulu, atabwera kudzaona anavula nsapato pakhomo osauzidwa ndi munthu. Kanali koyamba kuwaona akulemekeza chinthu chopanda khadi.

Ndiye mvula inayamba. Amayi a m'midzi yonse yozungulira anasonkhanitsidwa kuti aziphunzira nyimbo ndi magule odzavinira Mwinidziko. Panalibe kufunsa ngati ukufuna. Wodwala, woyamwitsa, wa munda wosapalira, onse pabwalo. Agogo anu anali momwemo, bambo anu ali khanda kumsana. Poyamba ankavinira panja, mvula ikuwakhuthukira, a Simbeye osaona vuto. Koma tsiku lina ng'oma zinanyowa n'kuyamba kulira ngati munthu wachimfine. Pamenepo a tcheyamani chifundo chinawagwira. Anatsekula holo kuti ng'oma zisavutike, amayi n'kulowa nawo.

Gule wa amayi munamuonapo. Amazungulira bwalo, phazi silinyamuka kwenikweni, limangokhwekhwereza, shwee, shwee, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono. Tsono mapazi amenewo achokera m'tinjira ta matope osakanizika ndi mchenga. Ine ndinaima pazenera n'kumamva phokoso lija pansi pa nyimbo. Ena ankamva gule. Ine ndinkamva tupa ikunola khasu.

Sipanapite nthawi, kuwala kuja kunayamba kuzilala, osati paliponse, koma mozungulira mmene amayi ankadutsa. Pakati ndi m'makona munali mukunyezimirabe. Ndinadzilimbitsa mtima n'kupita kwa a Simbeye chipewa chili m'manja.

“Bwana tcheya, ndimati mwina tiike beseni la madzi pakhomo, amayi azitsuka mapazi asanalowe.”

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi. “Fundi, ukuti mapazi a amayi ovinira Mwinidziko ndi auve?”

“Ayi, bwana.”

“Nanga ukuti chiyani?”

“Ndimangoti mvula yachuluka chaka chino.”

“Yachulukadi. Ndi madalitso a utsogoleri wabwino. Pita.”

Ndinapita. Mukanakhala inu mukanati chiyani? Iwe Lusekelo usandiyang'ane choncho, iwe amene umathawa ngakhale nkhuku yofungatira.

Chimanga chinakula, chinamasula, chinakhwima, mlendo osafika. Anati ulendo wasunthidwa, abwera anthu akakolola. Gule sanasunthidwe. Mvula itatha kunabwera mphepo ya Chitipa ija, imene imalowetsa mchenga ngakhale m'botolo lotseka. Holo ija ankaisesa m'mawa, pofika masana mchenga wadzaza, amayi n'kuvinapo. Ndipo tsiku lina maso a a Simbeye anatseguka. Anaona kuti pansi pazilala. Anakalipa kuti amayi a kuno ndi aulesi, nyumba ya Mwinidziko aisandutsa khola. Analamula kuti akamaliza kuvina, aziyamba awalitsa pansipo asanapite kwawo.

Amayi aja sanachite mwano. Anachita zimene amayi awo anawaphunzitsa. Anatunga madzi, anatapa mchenga wabwino wa kumtsinje, ena anabweretsa nkhulungo zawo kuchokera kunyumba, n'kugwada. Pakanyowa pankaoneka ngati pafiira, onse n'kusangalala. Pakauma pankatuwa kuposa dzulo. Ndiye mawa lake ankawonjezera mphamvu.

Madzulo ena agogo anu anafika manja atatupa. Ndinati, “Nalungwe, iwenso? Iwe wodziwa kuti simenti yanga sifuna mchenga?”

Anati, “Ndinawauza kuti a Fundi amakaniza mchenga. Anandifunsa kuti a Fundi anakhala tcheya liti.”

Pofika nyengo yotentha, m'holo muja munali mkombero wotuwa, waukulu ngati bwalo la gule lenilenilo. Kufiira konse kunatha, timiyala ta m'simenti tinayamba kuoneka, ndipo pena panakumbika moti akakolopa madzi ankaima. Mwina mukuti bwanji simunakonze mwakabisira. Ndi chiyani? Ufa wofiira unatha, ndipo kuti ndipemphe wina kulikulu ndinayenera kunena chimene chadya woyamba uja. Makiyinso anali m'thumba la a Simbeye. Ndinkangodutsa n'kusuzumira pazenera, mtima n'kumawawa. Ndinkaikonda simenti ija, ana inu, sindibisa.

Kenako uthenga unafika woti kukubwera bwana wina wochokera kulikulu kudzaona ngati zonse zakonzeka. A Simbeye anabwera kunyumba kwanga, chinthu chimene anali asanachitepo. Mpando anaukana.

“Fundi, simenti yako inali yofooka. Bwana akafunsa, udzanene choncho.”

“Sinali yofooka, bwana tcheya.”

“Ndiye udzanene chimene chaidya.”

Anatembenuka n'kumapita. Tsono tamverani msampha wake. Ndikati simenti inali yofooka, ndiye kuti ndinaba ina, kapena ndinachita dala kuti Mwinidziko adzaponde ponyansa. Chimenecho chinkatchedwa chiwembu, ndipo wachiwembu sankazengedwa mlandu, galimoto inkangobwera n'kumutenga. Ndikati yadyedwa ndi gule, ndiye kuti ndanena pagulu kuti kuvinira Mwinidziko kumawononga zinthu. Galimoto yake yomweyo. Tinkamva mphekesera za kalipentala wina wa boma lina amene mpando wake unalira kuti kwii mkulu wina atakhalapo, ndipo ana ake anakula osamuona. Kaya zinali zoona kaya ayi, palibe ankafuna kukafufuza.

Ndinachita mantha, mantha enieni. Kwathu kunali kutali, kuno ndinalibe m'bale, ndipo ndinkaganiza za mkazi ndi khanda. M'mawa wa tsikulo ndinavala mathalauza awiri ndi malaya awiri, poti tinkamva kuti kumene amakutengerako kumazizira ndipo sakupatsa mpata wokatenga zovala. Agogo anu anandiyang'ana, osaseka, osalira. Anangondiikira mtedza wokazinga m'thumba, n'kubereka mwana, n'kuvala nsalu yawo ya chipani.

Amayi anandandalika m'mbali mwa holo. Anyamata a chipani anaima pakhomo ndi m'mazenera. Bwana uja anatsika m'galimoto, wamtali, wa suti yotuwa, nsapato zake zikuwala kuposa mmene simenti yanga inkawalira. Analowa akuyang'ana kudenga, akugwedeza mutu kuti zili bwino. Kenako phazi lake linatsikira mokumbika muja, anadzandira pang'ono, n'kuyang'ana pansi. Anatsatira mkombero uja ndi maso mpaka kubwerera pamene anaima.

“Anapanga pansi pano ndani?”

A Simbeye sanaloze ndi chala, analoza ndi mkono wonse. Anyamata awiri anandikankhira kutsogolo.

“Iwe, ichi n'chiyani?”

Mayankho onse awiri ndinali nawo, ndipo onse anali ndi galimoto kumapeto kwake. Ndinatsegula pakamwa, sipanatuluke kanthu. Thukuta linkatsika m'mathalauza awiri aja.

Ndiye ndinamva nsalu ikukhwekhwereza. Agogo anu anatuluka pamzere, anabwera n'kugwada mokumbika mwenimwenimo, bambo anu ali mtulo kumsana. Anaomba m'manja mwaulemu.

“Yewo, bwana. Simentiyi sinalakwe. Taidya ndife, ndi malundi athuwa.” Anagwira miyendo yawo kuti bwana amve chimene akunena. “Tavinira adada a dziko kuyambira mvula yoyamba mpaka lero, tsiku ndi tsiku. Pozilala takwecha, monga anatilamulira a tcheya. Kapena tavina mopitirira, bwana? Ngati tapitirira, mutiuze, tileke.”

Ndinamuona bwana uja akutsegula pakamwa ngati mmene ndinachitira ine, ndipo nayenso sipanatuluke kanthu. Anayang'ana anyamata a m'mazenera aja. Aliyense wa iwo anali ndi makutu awiri, ndipo nkhani zinkafika kulikulu msanga kuposa galimoto. Akati pansi pawonongeka, ndiye kuti gule wawononga. Akati lekani, ndiye kuti iye, ndi pakamwa pake, waletsa amayi kuvinira Mwinidziko. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Msampha umene anatchera ine unagwira suti.

Anakhosomola. Anakonza tayi. Kenako anakweza mawu ngati ali pamsonkhano.

“Mayi, dzukani. Mwinidziko saviniridwa mopitirira! Ine ndayenda dziko lino, ndaona anthu okonda mtsogoleri wawo ndi pakamwa. Koma chikondi chodya simenti ndachiona kuno ku Chitipa. Pansi pano pasakonzedwe. Munthu asayerekeze kupakhudza. Mwinidziko adzadzionere yekha!”

Woyamba kuomba m'manja anali a Simbeye. Anaomba mpaka chipewa kugwa, n'kuuza bwana kuti iwo ndi amene anaumirira kuti amayi azivinira m'katimo tsiku lililonse, ngakhale ena ankafuna kuika mabeseni pakhomo. Nthungululu zinalira, ng'oma zinayamba, ine anandiiwala pakati pa bwalo. Ndinatuluka cham'mbali n'kukakhala pansi pa mtengo kudya mtedza uja.

Pobwerera kunyumba ndinati, “Nalungwe, nzeru imene ija unaiganiza liti?”

Anati, “Nzeru yanji? Ine ndimafuna atiuze kuti tileke. Miyendo yatopa, a Fundi.”

Mpaka tsiku limene anatisiya, sanandiuze ngati ankanena zoona kapena ankandiseka. Ndikawafunsa ankangoti, “Inu munagona kunyumba, si choncho? Basi.”

Ngati ankafunadi kupuma, ndiye anaphonya. Gule anawonjezeredwa, poti tsopano mkombero uja unali ulemu wa dera lonse ndipo unayenera kukula. Amayi a madera ena atsogoleri awo ankabwera nawo kudzaona, n'kuwakalipira kuti kwanu simenti ikadali yosalala bwanji. Mlendo mwiniwakeyo? Amati mlendo ndi mame, koma ameneyu ngakhale mame sanagwe. Ulendo unasunthidwanso, kenako anthu anangosiya kuutchula. M'holo muja sanapondemo.

Ine ndinapulumuka ndende, koma dzina linapita. Mwini sitolo wina atafuna simenti yofiira, anthu anamuuza kuti, “Osatenga Fundi uja, simenti yake imadyeka ndi mapazi a amayi.” Anakatenga mmisiri wa kutsidya. Ndinapsa mtima zaka zambiri, moti ndikamapita kumsika ndinkazungulira njira ina kuti ndisaione holo ija. Ntchito yabwino kuposa zonse za manja anga inatchuka chifukwa chowonongeka, ndipo anandiletsa kuikonza.

Koma pali chimene amisiri timachidziwa: zinthu ziwiri zikamakhulana, sichitha chimodzi chokha. Mchenga umene unkadya simenti unkadyanso mbali inayo. Iwe Tawonga ukuwakumbukira agogo ako akuyenda ndi ndodo, zidendene zong'ambika zimene ankapaka mafuta madzulo alionse, maondo osapindika. Unkawafunsa kuti agogo munagwa? Iwo ankati, “Ndinavina.” Iwe n'kumaseka, kuyesa nthabwala.

Atamwalira tinakawaika kwawo ku Misuku monga anapemphera, kumtunda kwa munda wa khofi wa alongo awo. Manda ndinawaka ndekha ndi manja okalambawa, simenti yofiira, yosalala, yoti palibe phazi lidzapondepo. Anthu anayamikira. Koma ine ndikaima pamenepo ndimangoona nkhope yanga, iwo sindiwaona.

Tsono tsiku lina ndikuchokera kumsika, miyendo inakana njira yozungulira ija. Holo ija ilipobe, masiku ano amasungiramo matumba a chimanga. Ndinapempha mlonda kuti anditsekulire. Matumba anali ataunjikidwa pakati, koma m'mbali mwake mkombero uja unali pomwepo, wotuwa, wokumbika, palibe anaukonza. Ndinavula nsapato. Ndinaika phazi mokumbikamo, linakwana bwinobwino. Ndinayenda pang'onopang'ono kuzungulira matumba aja, shwee, shwee, mpaka ndinafika pamene anagwada tsiku lija. Pamenepo ndinakhala pansi n'kulira, kulira kumene sindinalire ngakhale pamaliro. Mlonda anathamangira kukanditungira madzi, ankayesa ndadwala.

Iwe Tawonga, nsapato inayo vulanso, ukaikutumulire panja. Ndipo Loweruka nonse awiri mudzuke msanga, timafonito mudzatisiye. Ndikufuna ndikakuonetseni agogo anu kuholo kuja. Kumeneko mukavula nsapato osauzidwa ndi munthu.